Impso za ana obadwa ndi kachilombo: nkhani yomwe sitimaikamba

Yamikani: Mwaswera bwanji nonse pa gulu. Pepani ndabwera ndi nkhani yolemera madzulo ano koma yakhala ikundivuta mumtima. Tikakumana ndi achinyamata athu aja a pa ma ARV timakamba za viral load (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi), za kumwa mankhwala pa nthawi yake, za sukulu, za zibwenzi, koma za impso sitikambako olo pang'ono. Nde ndamva kuti kachilombo ka HIV pakokha kamatha kuononga impso za mwana makamaka amene anabadwa nako, ndipo akuti akatswiri akhala akufufuza zimenezi kwa zaka zambiri. Anesi muli pano? A Dalitso inu a sukulu ya udokotala? Tithandizeni tidziwe zenizeni tisamangoyendera za m'maluwa

Phiri wa ku Joni: Si kachilombo ayi amwene ndi ma ARV omwewo. Kuno ku Joni aliyense amadziwa kuti mapilitsi aja amaphika impso. Munthu wamkulu akudandaula nde kuli bwanji kamwana kumamwa tsiku ndi tsiku kuyambira kali kakhanda

Anesi Nachisale: A Phiri chonde dikirani kaye. Pa gulu pano pali makolo ndi agogo amene akulera ana a pa mankhwala, mawu ngati amenewo wina awerenga nkukabisa botolo usiku womwe uno. Tamverani. Matenda a impso obwera ndi kachilomboka madokotala anayamba kuwalemba mu 1984 ku New York, pa anthu akuluakulu. Nthawi imeneyo ARV kunalibe ndi mmodzi yemwe, AZT woyambirira uja anavomerezedwa mu 1987, ndipo tenofovir amene anthu amamuloza chala pa nkhani ya impso anabwera mu 2001. Za ana zinatuluka bwinobwino mu 1989 kuchokera ku Miami, ana obadwa ndi kachilombo, impso zikutaya puloteni mu mkodzo kenako ena nkusiyiratu kugwira ntchito. Nde impso zimenezo anaziononga ndani? Ndi kachilombo komweko. Ma ARV ophatikiza atatu atabwera cha mu 1996 matendawa anatsika kwambiri kulikonse kumene anthu amapeza mankhwala

Dalitso: Ndabwera, ndinali ku wodi. Anesi anena zoona. M'mabuku amawatchula kuti HIVAN. Impso iliyonse ili ndi tisefa ting'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni, ena amabadwa ndi tochepa ena tochuluka. Ntchito yake ili ngati ya sefa ya ufa ija, madzi ndi zoipa zidutse zikakhale mkodzo koma puloteni wa m'magazi atsale m'thupi. Kachilombo kakachuluka kamalowa mpaka m'maselo a impso momwemo, maselo ogwira sefayo amasokonekera, sefa imafota nkuyamba kudutsitsa puloteni, timachubu totsitsa mkodzo timatupa nkudzaza ndi puloteni yemweyo. Pa sikani impso zake zimaoneka zazikulu ndi zowala kwambiri, pamene pa matenda ena a impso okhalitsa zimakhala zitachepa

Dalitso: Umboni umene unandigwira mtima ine ndi wa mbewa za mu labu. Mu 1991 ku America anapanga mbewa zokhala ndi zidutswa chabe za kachilomboka m'chibadwa chake, zidutswa zoti sizingaswane nkukhala kachilombo kathunthu. Mbewazo sizinamwe mankhwala aliwonse koma impso zake zinaonongeka mofanana ndi za anthu aja. Ndekuti mapuloteni a kachilombo pawokha akakhala m'kati mwa selo ya impso ndi okwanira kuyambitsa vutoli. Kunalinso dokotala wa impso za ana, Patricio Ray, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha ana ku Washington, gulu lake linkatenga maselo a impso ogwera mu mkodzo wa ana odwalawo nkumawalera mu labu kuti aone chimene kachilombo kakuwachita. Zambiri zimene tikudziwa za ana zachokera ku ntchito ngati imeneyo

Mai a Tiya: Abale nkhani iyi ine yandipeza pakhomo ndipo ndikufuna ndiinene yonse mwina ithandiza wina. Tiya wanga ali ndi zaka 8 pano, tinamupeza nako mochedwa ali ndi zaka 4 chifukwa ine ndinachilila kumudzi sindinayezetse. Atayamba mankhwala anamupatsa timibulu tija towawa tothila m'phala, mwana amalavula, nthawi zina kusanza kumene, ine ndimangoti bola pang'ono palowa. Nde kunayamba kutupa m'zikope m'mawa akadzuka, dzuwa likakwela kumaphwa, kenako mapazi, nsapato za ku sukulu osalowa. Ku chipatala chaching'ono cha kwathu anangodina phazi nkuti ndi kupelewela zakudya, anatipatsa chiponde. Mwana kudya chiponde chonsecho kutupa osasintha. Chimene chinandidabwitsa ine ndi chitini chimene amakodzelamo usiku, m'mawa chimakhala ndi thovu pamwamba, ndipite kukasesa panja ndibwele thovu lili pompo silinaphwe. Ndinakanena kuchipatala kuja anati timitengo toyezela mkodzo tinatha kalekale. Mpakana achimwene anga anandipatsa ya thiransipoti kupita ku chipatala cha boma, kumeneko adokotala anangoviika kamtengo mu mkodzo kanasintha mtundu nthawi yomweyo anati puloteni ndi 3+, viral load atayeza inali pamwamba kwambili

Namaseko: Mayo ine, pepani asisi. Nde pano ali bwanji mwana?

Mai a Tiya: Pano ali bwino ndithu tikuthokoza Mulungu. Anamusinthila ku ARV wina uja wotchedwa dolutegravir, amamwa osavuta, anaonjezela kapilitsi kena kotchedwa enalapril akuti kamachepetsa kutaya puloteni. Kachilombo kanagona, kutupa kunatha, mkodzo timayezetsabe tikapita kukatenga mankhwala ndipo puloteni anatsika ngakhale sanathelethu. A Phiri ine ndinaona ndi maso anga, nthawi imene mwana amalavula mankhwala ndi imene impso zimaonongeka, atayamba kumeza bwino ndi pamene anachila

Anesi Nachisale: Mayi zikomo potsegula mtima, nkhani yanuyi ili ndi zonse zimene timaphunzitsa. Kutupa kwa mwana kuno kwathu tonse maso amathamangira ku kwashiorkor, matenda a kuperewera zakudya aja, chifukwa ndi amene timamuona kwambiri, ndipo mwana wa kachilombo amakhaladi woonda kale nde nkosavuta kusokoneza. Koma mwana aliyense wotupa amayenera kuyezedwa mkodzo, basi. Amene akutupa chifukwa cha njala mkodzo wake sukhala ndi puloteni wambiri chonchija. Ndipo ndikuchenjezeni pa chinthu china, inu mwina munachita mwayi kuti anatupa nkukuonetsani. Ana ambiri a HIVAN satupa msanga, BP imakhala bwinobwino poyamba, mwana akusewera mpira akupita ku sukulu, puloteni akungotayika mwakachetechete miyezi ndi miyezi. Pofika potupa, kusanza, kusowa magazi, kusakula msinkhu, impso zimakhala zapita patali. Nchifukwa chake ofufuza onse kaya ku Durban kaya ku Port Harcourt ku Nigeria amabwerera pa mawu amodzi, yezani mkodzo mwana asanadwale

Chikondi wa ku labu: Ndilowererepo pa kayezedwe poti ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Kamtengo kaja timati dipstick, kuyeza kwake ndi mphindi imodzi kapena ziwiri. Mkodzo wabwino ndi woyamba wa m'mawa mwana akangodzuka, chifukwa ana ena makamaka osinkhukirapo amataya puloteni pang'ono masana akayendayenda koma alibe vuto lililonse. Komanso kutentha thupi, malungo, matenda a m'chikhodzodzo, likodzo kwa a kunyanja ndi a m'madambo, zonsezi zimatha kuonetsa puloteni kwa kanthawi, nde ukapeza 1+ kamodzi usathamangire kulira, timachiza kaye chimene chilipocho nkudzabwereza pakapita masabata angapo. Akapezekabe kachiwiri kachitatu ndi pamene timati pali nkhani. Kenako magazi timayeza creatinine, choipa china chimene impso zimachotsa m'magazi ndipo chimakwera zikafooka, koma kwa mwana nambala yokhayo siuza kanthu pokhapokha uiwerengere ndi msinkhu wake, mwana woonda wopanda minofu creatinine wake amakhala wotsika mwachibadwa nde nambala yooneka yabwino kwa munthu wamkulu ikhoza kukhala yoipa kwa iye. Chonde akamayeza magaziwo onetsetsani kuti amuyezanso kutalika nkulemba m'buku

Phiri wa ku Joni: Chabwino ndamva za mbewa ndi za ku America koma ine msuweni wanga tikukhala naye kuno, viral load yake inali yosaoneka zaka zambiri, anayamba kufooka kuwawa mafupa kukodza pafupipafupi, adokotala eniake anamuuza kuti ndi mapilitsi ndipo anamusinthira ena. Nde mukuti anamunamiza?

Anesi Nachisale: Ayi sanamunamize a Phiri, ndipo apa mwanena chinthu choona chimene sitiyenera kubisa. Tenofovir, amene ali mu 13A, pilitsi la ma ARV ophatikiza limene akuluakulu ambiri tikumwetsa kuno kuyambira 2019, kwa anthu ochepa amavulaza timachubu ta impso. Zizindikiro zake ndi zomwe mwatchulazo, thupi limataya mchere wa phosphate mafupa nkumawawa, shuga amapezeka mu mkodzo pamene m'magazi shuga ali bwinobwino. Likapezeka msanga timasintha mankhwala ndipo ambiri impso zimabwerera. Koma taonani chimene adokotala anachita, anasintha, sanamuuze kuti asiye. Ndipo pa ana nkhani yake ndi yosiyana, mwana wosakwana makilo 30 sitimupatsa 13A. Ang'onoang'ono amamwa abacavir ndi lamivudine pamodzi ndi dolutegravir wosungunula m'madzi wokoma ngati sitiroberi amene anabwera cha mu 2021, ndipo abacavir alibe mbiri yoononga impso. Amene ndimawadera nkhawa ine ndi achinyamata a Yamikani aja amene angodutsa makilo 30 nkulowa pa 13A, anabadwa ndi kachilombo, ena anakhala zaka viral load ili pamwamba, impso zawo zinavutikapo kale. Amenewo ndi oyenera kuwayeza mkodzo ndi creatinine asanasinthe ndiponso akasintha

Chikondi wa ku labu: Kuonjezerapo, dolutegravir amakweza creatinine pang'ono masabata oyambirira kenako nkuima pomwepo, si kuti impso yaonongeka ayi, amangotseka kanjira kamene creatinine amatulukira. Bactrim nayenso amachita zofananako. Nde mukaona kanambala kakwera pang'ono mutangosintha mankhwala funsani kaye musanachite mantha, choopsa ndi nambala yomangokwerabe mwezi ndi mwezi

Namaseko: Anesi ine ndili ndi mimba ya miyezi 7 ndipo ndili pa 13A yomweyo, mmene mukukamba za tenofovir mtima wanga wagunda. Ndekuti khanda lili m'mimbali likumwa nawo? Lingabadwe ndi impso zoonongeka? Ndiuzeni zoona musandinyengerere

Anesi Nachisale: Mwana wanga khazika mtima pansi ndikuuza zoona zokhazokha. Inde tenofovir amadutsa nkufika kwa mwana m'mimba, ndipo funso lakoli ofufuza analifunsanso. Kunali kafukufuku wamkulu wotchedwa PROMISE, amayi oyembekezera a m'maiko angapo kuphatikizapo a ku Blantyre ndi ku Lilongwe anatenga nawo mbali, ndipo mbali ina ya kafukufukuyo inayang'ana impso za amayi ndi za makanda awo, sanapeze vuto lodetsa nkhawa pa impso za makanda a amayi omwa tenofovir. Kumbukiranso kuti Malawi ndi dziko loyamba kuyambitsa Option B+ mu 2011, ndondomeko yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo ayambe ma ARV a moyo wonse, kuyambira pamenepo amayi miyandamiyanda amwa mankhwala okhala ndi tenofovir ali oyembekezera ndi poyamwitsa. Mapilitsi ukumwawo ndi amene akuteteza mwanayo kuti asatenge kachilombo, ndipo mwana wopanda kachilombo HIVAN sangaidwale

Dalitso: Ndionjezere za makanda chifukwa apa anthu amasokoneza zinthu ziwiri. HIVAN kawirikawiri si matenda a khanda la masiku ochepa, imafuna nthawi, kachilombo kakhale kakuswana m'thupi miyezi kapena zaka popanda mankhwala ogwira. Chimene chimaopseza impso za khanda ndi zina. Tisefa tija timapangika mwana ali m'mimba mpaka cha pa masabata 36, akabadwa okwana masiku tatsopano sitipangikanso moyo wake wonse. Nde mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wochepa sikelo, osakwana makilo 2.5, amayamba moyo ndi tisefa tochepa, ndipo amayi a kachilombo makamaka amene sakulandira chithandizo bwino amabereka ana otere kawirikawiri kuposa anzawo. Mwana wotereyu olo alibe kachilombo akhoza kudzavutika ndi BP kapena impso atakula. Kenako pali kubanika pobadwa, matenda olowa m'magazi, kusayamwa mokwanira thupi nkuuma, ndi jakisoni wa gentamicin amene amapulumutsa makanda ambiri koma amafuna muyezo wolondola ndi masiku owerengeka chifukwa amatha kulemetsa impso. Chovuta china pofufuza makanda nchakuti creatinine wa masiku awiri atatu oyamba amakhala akuonetsa wa mayi ake, nde madokotala amadalira kwambiri kuona ngati mwana akukodza

Namaseko: Nde ine ndiziyang'ana chani akabadwa?

Anesi Nachisale: Matewera. Khanda liyenera kukodza tsiku loyamba lomwelo, likafika tsiku lachiwiri thewera lili louma uza anesi usatuluke m'chipatala. Mkaka ukabwera bwino, kuyambira cha tsiku lachisanu, matewera onyowa azikwana 6 kapena kuposa pa tsiku. Muyamwitse bere lokha miyezi 6, osamupatsa madzi kapena mankhwala azitsamba a liwombo aja. Nevirapine wa madzi umupatse masabata 6 osadumphitsa, pa masabata 6 akayezedwe magazi a pa chidendene aja nkuyamba Bactrim, adzayezedwenso pa miyezi 12 ndi 24. Zikapezeka kuti watenga ayambe ma ARV nthawi yomweyo osadikira kuti adwale kaye. Ndipo panopa usajombe ku sikelo, aziyeza BP ndi mkodzo wako, ugone m'neti, umwe Bactrim wako, kuti mwana akwanitse masiku ake m'mimba impso zake zimalize kupangika

Yamikani: Funso lina a Dalitso. Ana ambiri amakhala ndi viral load yokwera koma si onse amadwala impso. Chimasankha nchani? Komanso ndamva kuti matendawa amagwira kwambiri anthu akuda, nzoona kapena ndi tsankho chabe la ofufuza

Dalitso: Nzoona achimwene ndipo kwa zaka zoposa 20 madokotala ankangoona osadziwa chifukwa chake. Yankho linabwera mu 2010 pamene anapeza kuti pali kachidutswa ka chibadwa chathu kotchedwa APOL1, kali ndi mitundu iwiri yosinthika, G1 ndi G2, imene imapezeka mwa anthu ochokera mu Africa muno basi. Ukatenga umodzi kwa bambo wina kwa mayi, impso zako zimakhala pa chiopsezo chachikulu ukakumana ndi kachilombo kosagonjetsedwa. Mu 2015 ku Johannesburg kwanuko a Phiri anapeza kuti ambiri mwa akuluakulu odwala HIVAN anali ndi mitundu iwiriyi, ndipo mu 2019 ku Kinshasa anaona pa ana kuti amene ali ndi kachilombo komanso mitundu iwiriyi ndi amene amataya puloteni kwambiri. Imachuluka zedi ku Nigeria ndi Ghana, pamene ku Ethiopia pafupifupi kulibe ndipo HIVAN kumeneko ndi yosowa

Dalitso: Koma chodabwitsa nchifukwa chimene mitunduyi inafalikira. Imateteza ku kaodzera, matenda a kashembe aja. APOL1 ndi puloteni wa m'magazi amene amapha tizilombo ta kaodzera, koma mtundu wa tizilombo umene uli kuno kwathu ku Rumphi mbali ya Vwaza ndi ku Nkhotakota unaphunzira kumuzemba, pamene G2 amathabe kutipha. Ine kwathu ndi ku Rumphi komweko nde nditawerenga kuti mu 2019 kunatuluka kafukufuku wa kumpoto kwa Malawi woonetsa kuti anthu a G2 amatetezeka ku kaodzera ndinakhala chete kaye. Makolo athu amene anapulumuka kashembe ndi amene anatisiyira chibadwa chimenechi

Gogo Nangondo: Ana anga ine ndimangowerenga koma apa ndiyankhuleko. Ndikulera mdzukulu wa zaka 11 mayi ake anatisiya. Mukati matenda otengera ku mtundu mukudziwa mmene zimakhalira kumudzi, akuchimuna ayamba kunena kuti zachokera kuchikazi, mwana nkumakhala pakati akumva zonsezo. Kachilombo komweko tinanyozeka nako kale nde muonjezerenso za mtundu

Anesi Nachisale: Amayi mwanena mawu akulu. Pa nkhani iyi palibe mbali yoti iloze inzake chala chifukwa chiopsezo chachikulucho chimabwera mwana akatenga mbali zonse ziwiri, kwa bambo ndi kwa mayi. Ndipo anthu ambiri amene ali ndi mitundu iwiriyo amakalamba impso zili bwinobwino, pamafunika china chodzaputa, ngati kachilombo kosamweredwa mankhwala. APOL1 sitiyeza m'zipatala zathu za tsiku ndi tsiku ndipo inu simukufunika kudziwa kuti mdzukulu ali ndi mtundu uti, chochita ndi chimodzimodzi kwa mwana aliyense, amwe mankhwala kachilombo kagone, mkodzo uziyezedwa. Ku America kuli mankhwala otchedwa inaxaplin amene akuyesedwa kuti atseke APOL1 woonongayo, zotsatira zoyamba zinatuluka mu 2023 zikuonetsa kuti puloteni mu mkodzo amatsika, koma akadali pa kafukufuku, tisawadikire

Gogo Nangondo: Nanga akabwera a kafukufuku kufuna magazi ndi mkodzo wa mwana tizivomera? Anthu amanena zambiri za magazi amenewa

Dalitso: Agogo ufulu ndi wanu, mukhoza kuvomera kapena kukana ndipo mukakana mwana alandirabe chithandizo chake chonse, palibe angamuchotse pa mankhwala. Kafukufuku aliyense wa zaumoyo kuno amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti ngati COMREC ya ku KUHeS kapena NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo, ndipo ayenera kukuwerengerani chikalata m'Chichewa, kukuuzani magazi ochuluka bwanji, apita kuti, zotsatira mudzazimva liti. Mwana wa zaka 11 nayenso amafunsidwa maganizo ake. Ine mbali yanga ndimalakalaka kafukufuku wa impso za ana atachuluka kuno kwathu, chifukwa zambiri zimene tikugwiritsa ntchito zachokera ku America, South Africa ndi Nigeria, pamene ana athu ali ndi zawozawo, malungo, likodzo, kutsegula m'mimba, njala, zonse zikugunda impso zomwezo. Ku Queens kunachitikapo kafukufuku wa ana ogonekedwa amene impso zawo zaima mwadzidzidzi, wotere ndi amene amatiuza zenizeni za kwathu

Phiri wa ku Joni: Nanga zikafika poipa impso zasiyiratu, kwathuko mwana amathandizidwa bwanji? Kuno ndimamva za dialysis ndi kuika impso ina

Anesi Nachisale: Apa mpamene pamandiwawa a Phiri. Makina a dialysis, otsuka magazi m'malo mwa impso, m'zipatala za boma ali ku zazikulu monga ku Queens ndi ku Kamuzu Central, ndi ochepa, odikira ndi ambiri, ndipo kwa mwana wamng'ono nzovuta kwambiri chifukwa zipangizo zake zimafunika za msinkhu wake. Pali njira ina yotsuka kudzera m'mimba ndi kachubu imene imapulumutsa ana amene impso zaima mwadzidzidzi nkudzadzukanso, koma ya moyo wonse banja la kumudzi silingakwanitse. Kuika impso ina anthu amapita kunja, kawirikawiri ku India. Kwanuko zinthu zili patsogolo, ku Groote Schuur ku Cape Town dokotala Elmi Muller anayamba mu 2008 kuika impso za anthu a kachilombo mwa anzawo a kachilombo, chinthu choti maiko ena anadzatengera. Koma olo kumeneko malo ndi ochepa. Nde ine ndikamalimbikira za kamtengo ka mkodzo ndi chifukwa ndaonapo mwana wa Fomu 2 akufika mochedwa ife opanda chomuchitira, mayi ake atagwira chitsulo cha bedi akutifunsa kuti bwanji simunandiuze kale

Mai a Tiya: Anesi kunyumba tizipewa chani? Ine anandiuza za mchele basi

Anesi Nachisale: Mchere inde, ndipo si wa m'ndiwo wokha, ma jigisi, tokometsera ndiwo ta m'mapaketi, nsomba zouma zothira mchere muziviika kaye nkutaya madziwo. Chachikulu china ndi mankhwala a ululu ogula pa okala, Brufen, Indocid, diclofenac, amenewa mwana wa vuto la impso asamwe, akatentha thupi Panado pa muyezo wake nkupita kukayezetsa malungo. Azitsamba osadziwika muyezo ayi, taona ana ambiri impso zitaima atamwetsedwa zotsuka m'mimba. Akatsegula m'mimba kapena kusanza mpatseni Thanzi ORS msanga ndipo popeza Tiya ali pa enalapril pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa thupi likauma mankhwala amenewa timayamba tawaimitsa kaye. Akadzatha msinkhu mudzakumbutse adokotala kuti ali pa enalapril, samwedwa munthu akakhala ndi mimba. Nyama, mazira, nyemba musamumane mwa inu nokha poganiza kuti puloteni ndi amene akumupweteka, mwana akufunika kukula, muyezo wake akuuzeni ndi adokotala

Gogo Nangondo: Lachinayi tikupita kukatenga mankhwala a mdzukulu. Ndikanene bwanji kuti andimvere, ndipo mkodzowo nditengere m'chani, botolo la Sobo lotsuka lingachite?

Chikondi wa ku labu: Agogo mukangofika muwauze kuti mwanayu anabadwa nako ndipo sanayezedwepo mkodzo, ndikupempha mumuyeze puloteni ndi BP, zotsatira mundilembere m'buku. Akati timitengo tatha afunseni kuti ndikapeze kuti, akulembereni kalata ya ku chipatala cha boma. Botolo la Sobo ayi, shuga wotsalira ndi sopo zimasokoneza kamtengo. Ngati mungathe pemphani kabotolo ka ku labu pasadakhale, akodzeremo m'mawa wa Lachinayi akangodzuka, ayambe wataya woyambirira pang'ono nkutenga wapakati, mufike nawo pasanathe maola awiri osauika padzuwa. Kukakhala kutali ingonyamukani m'mamawa akakodzere konko. Ngati ndi mtsikana ndipo ali kumwezi dikirani amalize kaye